Khonde la matabwa kufupi ndi nyanja: balau wa ku Joni kapena mlombwa wathu?

Funso: "Ndili ndi nyumba ku Namiasi, pafupi ndithu ndi nyanja. Ndikufuna kumanga khonde la matabwa kuseri kwa nyumbayi, la mamita 6 m'litali ndi mamita 4 m'lifupi, loti tizikhalapo madzulo ndi alendo. Achimwene anga ali ku Johannesburg ndipo akuti anditumizira matabwa otchedwa balau. Akalipentala athu akuti kumeneko n'kutaya ndalama, mbawa kapena mlombwa zikwanira, akhoma ndi misomali n'kupaka vanishi. Koma khonde la aneba athu linawola lisanathe zaka zinayi, ndipo chiswe kuno n'chambiri. Ndimvere ndani?" Mayi wa ku Namiasi, Mangochi.

Yankho: Mayi, mtima ukhale m'malo. Khonde la matabwa limatheka ku Mangochi, ndipo lomangidwa bwino likhoza kupitirira zaka 20. Mwachita bwino kufunsa musanagule ngakhale thabwa limodzi, chifukwa zolakwika zambiri pa ntchito imeneyi sizikonzeka matabwa akayalidwa kale. Achimwene anu ndi akalipentalawo akukangana za matabwa apamwamba, omwe maso amaona. Koma makonde ambiri amafera pansi: pa mitanda yokhudza dothi, pa madzi osowa kolowera, pa mpweya wosayenda. Mukapita kwa aneba anuwo mukasuzumire kunsi kwa khonde lawo, ndikukhulupirira kuti mukapeza kuti kuwolako kunayambira komweko.

Tiyambebe ndi matabwawo, poti ndiwo mwafunsa.

Balau ndi mtengo wa m'nkhalango za ku Malaysia ndi Indonesia, ndipo ku South Africa ndi umodzi mwa mitengo yomwe amayalira kwambiri makonde. Ndi wolemera, wolimba, ndipo chiswe sichiukonda. Koma auzeni achimwene anu asamale: pali balau wachikasu ndi balau wofiira. Wachikasu ndiye wopirira mvula ndi dzuwa. Wofiira ndi wotchipirapo, wooneka bwino ali watsopano, koma panja sakhalitsa ngati mnzakeyo. Kawirikawiri matabwawa amabwera atapalidwa kale, okhuthala mamilimita 19, mulifupi mwake mamilimita 90, ndipo muyeso umenewu ndi wabwino. Thabwa lotambalala kwambiri limapindika ngati bwato dzuwa likaliwomba mbali imodzi pomwe kunsi kuli chinyezi.

M'mashopu omwewo akapezamonso garapa, massaranduba ndi ipe, yonse ya ku Brazil ndi mayiko oyandikana nako. Kwa malo otentha ngati kwanuko ine ndimakonda garapa chifukwa ndi woyererapo. Matabwa akuda ngati ipe ndi massaranduba amatentha koopsa pa dzuwa la mu Okutobala, moti mwana sangapondepo wopanda nsapato masana. Ipe alinso ndi vuto lina: kuyambira mu Novembala 2024 ali pa mndandanda wa mgwirizano wa CITES, womwe umayang'anira malonda a pakati pa mayiko a mitengo ndi nyama zomwe zili pa chiopsezo chotha, ndiye kumudutsitsa pa malire kumafuna zikalata zapadera. Ngakhale balau yemwe, funsiranitu ku MRA za msonkho ndi mapepala ofunika katunduyo asananyamuke, asakakodwe pa chipata cha Mwanza kapena Dedza. Ndipo pogula muwonjezere 10 peresenti pa zomwe mwawerengera. Thabwa limodzi likaperewera simukalipeza pa msika wa Mangochi.

Tsopano za kwathu kuno. Akalipentala anu akunena zoona pa mlombwa, koma pa mbawa sindikugwirizana nawo. Mbawa ndi wa zitseko, matebulo ndi makabati, zinthu zokhala pa mthunzi. Pa khonde lopanda denga, lonyowa miyezi inayi kapena isanu pachaka, sachedwa kutopa. Mlombwa ndi wina: sufota kwambiri ukamauma, supindika wamba, ndipo chiswe chimaulambalala. Koma ubwino wonsewu uli mu mtima wa mtengo, chapakati chofiirira chija. Choyera cha m'mphepete chimafumbwa ndi kuwola ngati mtengo wina uliwonse. Thabwa la mlombwa lokhala ndi mzere woyera m'mbali likanidwe, kapena choyeracho chichekedwe chisanafike pa khonde. Poti mlombwa ndi wopepukirapo kuyerekeza ndi balau, matabwa ake akhale okhuthala mamilimita 25 kapena kupitirirapo akapalidwa. Tsanya ndiye wolimba kuposa yonseyi, koma amapezeka m'zidutswa zazifupi ndi zokhotakhota, ndipo amabunthitsa macheka.

Pali zinthu ziwiri zomwe zimandichititsa kukayika ndi matabwa a mitengo yachilengedwe. Choyamba ndi gwero lake. Nkhalango zathu zatha, ndipo ambiri mwa matabwa ogulitsidwa mobisa amachokera m'nkhalango zotetezedwa monga ya Namizimu ndi ya Mangochi. Malamulo a zankhalango amafuna chilolezo podula ndi ponyamula mitengo yotere, ndipo wogula wopanda mapepala akhoza kulandidwa katundu pa rodibuloko. Wogulitsa akuonetseni chilolezo ndi lisiti, ndipo ngati mukukayika pitani ku ofesi ya zankhalango pa boma akutsimikizireni. Chachiwiri ndi kuuma. Matabwa ochekedwa pamanja amafika ali aawisi komanso osafanana kukhuthala. Mukawayala ali choncho, pofika chilimwe mipata idzakula moti chala n'kulowa, ndipo ena adzang'aluka. Amafunika kusanjidwa pa mthunzi, pamalo okwera, timitengo titapingasa pakati pa mzere uliwonse kuti mphepo izidutsa, kwa miyezi itatu kapena kuposerapo m'nyengo yopanda mvula. Ngati mmisiri ali ndi kachipangizo koyezera chinyezi m'thabwa, kawerenge pakati pa 12 ndi 15 peresenti. Balau wochokera ku Joni nayenso asanjidwe chimodzimodzi kwa masabata awiri kapena atatu kuti azolowere mpweya wa kunyanja.

Maganizo anga ndi awa: ngati achimwene anu akulipira matabwa ndi mayendedwe, landirani balau wachikasu kapena garapa. Ngati ndalama ndi zanu, ndipo mlombwa wa mapepala, wouma, wopanda choyera ukupezeka, simunaluze kanthu. Chomwe sindingalole ndi kuika ndalama zonse pa matabwa apamwamba kenaka n'kuchepetsa pa zapansi.

Musanakumbe dzenje lililonse, yang'anani pomwe madzi amafika. Mu 2024 nyanja inakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi malo ogona alendo ambiri m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi. Funsani anthu okhalitsa pamalopo akulozereni pomwe madzi anafika chaka chimenecho, ndipo khonde lanu likhale pamwamba pa pamenepo. Kenaka lambulani malowo. Zitsa, mizu yakufa, zidutswa za matabwa, makatoni, zonse zichoke, chifukwa zimenezi ndizo zimaitana chiswe. Dothi lisalazidwe motsetserekera kutali ndi nyumba kuti madzi asamadikhe kunsi, kenaka muthirepo miyala ya kwale yokhuthala masentimita 5 kuti udzu usamere. Ngati madzi a padenga amagwera pomwe pakhale khondelo, ikani gatala awapatutse.

Pakati pa dothi ndi kunsi kwa mitanda pakhale mpata wosachepera masentimita 45. Mpata umenewu umalola mphepo kuumitsa matabwa kunsi, komanso umalola munthu kusuzumira ndi tochi. Anthu ambiri amatseka m'mbali monse ndi njerwa kuti pazioneka bwino komanso poopa njoka. Kutero n'kutsekera chinyezi m'kati. Ngati mukuopa njoka ndi nkhuku, tchingani ndi waya wa timabowo ting'onoting'ono kapena timatabwa totalikirana, ndipo musiye kakhomo kolowera.

Pa mchenga wa kunyanja ndimalimbikitsa zipilala za njerwa zootcha m'malo mozika mitengo pansi. Pa khonde lanu la mamita 6 kwa 4, ikani mizere itatu ya zipilala motsata litali, mzere uliwonse zipilala 5 zotalikirana mita imodzi ndi theka. Zonse pamodzi 15. Dzenje lililonse likhale masentimita 50 mbali zonse, lakuya masentimita 60 kapena mpaka mutapeza dothi logwirana. Pansi pake thirani konkire wokhuthala masentimita 20, wosakaniza muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga ndi inayi ya kwale. Pamwamba pa konkireyo mangani chipilala cha njerwa imodzi mbali zonse, ndipo pakati pake muzikemo bawuti yaitali kapena chitsulo chodzamangirira mtanda. Zipilala zonse ziyezedwe ndi levulo ya paipi ya madzi, ndipo mzere wakutali ndi nyumba utsike masentimita 4 kuyerekeza ndi wa kufupi ndi khoma. Musazisenzetse katundu sabata isanathe, ndipo muzizithirira madzi masiku amenewo.

Pamutu pa chipilala chilichonse pakhale pepala lakuda lotchinga chinyezi lija amaika pa fandeshoni, kenaka kachidutswa ka lata losalala kotulukira masentimita 4 kapena 5 mbali zonse, kopindidwira pansi. Lata limeneli silipha chiswe. Ntchito yake n'kuchikakamiza kuti chikafuna kukwera chimange njira yake ya dothi poonekera, inu n'kuiona msanga. Pomwe bawuti yaboola latalo pamatidwe bwino ndi phula, apo ayi chiswe chidzadutsira pomwepo.

Mitanda siifunika kukhala ya mtengo wodula. Paini kapena bulugamu wolowetsedwa mankhwala ndi makina amakwanira. Apa chenjerani, chifukwa pa misika pali matabwa ongoviikidwa kapena kupakidwa madzi obiriwira kunja kokha. Dulani kansonga muone m'kati: mankhwala olowetsedwa ndi makina amaoneka kuti alowa ndithu, pomwe opaka amathera pa khungu. Matabwa ochokera ku mafakitale odalirika amakhala ndi chidindo: H3 ndi ya panja koma osakhudza dothi, H4 ndi yozika pansi, H5 ndi yokhala m'madzi kapena m'dothi lonyowa nthawi zonse. Pa mitanda yanu H3 ndiyo yochepetsetsa, ndipo kufupi ndi nyanja H4 ndi yabwinopo.

Pa mzere uliwonse wa zipilala pagone mtanda waukulu wa mamilimita 75 kwa 150, ndipo polumikiza mitanda iwiri pakhale pamwamba pa chipilala, osati m'malere. Pamwamba pa itatuyi, mopingasa, pabwere mitanda ing'onoing'ono ya mamilimita 50 kwa 150, yoimikidwa chammbali, yotalikirana masentimita 40 kuchokera pakati mpaka pakati. Pa mamita 6 ikwana 16, uliwonse wa mamita 4. Amisiri ena amaitalikitsa kufika masentimita 60 kuti asunge matabwa, koma thabwa la mamilimita 19 pa mpata wotero limanepa munthu akaponda, ndipo masikuluwu amayamba kumasuka. Paliponse pomwe macheka adutsa pa mtanda wamankhwala, papakidwe mankhwala otetezera matabwa kawiri. Pamsana pa mtanda uliwonse yalani kamzere ka pepala lakuda lija, kuti madzi otsikira m'mipata asamakhazikike pa mtanda. Mabawuti ndi zitsulo zolumikizira zikhale zokutidwa ndi zinki mokhuthala, chifukwa mankhwala a m'matabwawa amadya chitsulo wamba.

Khondelo liime palokha, lisakhomeredwe ku khoma la nyumba. Siyani mpata wa masentimita 2 pakati pa khoma ndi thabwa loyamba, ndipo pamwamba pa khonde pakhale potsikirapo kuyerekeza ndi pansi pa chitseko kuti mvula isamalowe m'nyumba. Khonde lomatirira ku khoma limasanduka mlatho wa chiswe wopita ku mafelemu ndi kudenga.

Chinthu chimodzi ndikupemphani muwauze onse ogwira ntchito ndi a pakhomo panu: zidutswa za matabwa amankhwala obiriwirawa zisasonkhezedwe pa moto. Ambiri mwa mankhwalawa ali ndi poizoni wa arsenic, yemwe amatuluka mu utsi n'kutsaliranso m'phulusa. Osaphikira, osawotchera nsomba, osathira phulusa lake m'dimba. Wocheka ndi wopala avale chotchinga mphuno ndi pakamwa, chifukwa ngakhale fumbi la balau ndi mlombwa limayabwa ndi kutsokomoletsa.

Pa misomali, akalipentala anu asinthe maganizo. Thabwa lolimba likamafufuma m'dzinja n'kufota m'chilimwe limazula msomali pang'onopang'ono, mutu wake n'kutulukira pomwe ana akuthamanga opanda nsapato. Komanso chitsulo wamba chikanyowa pa mitengo yotereyi chimasiya madontho akuda osachoka. Gwiritsani ntchito masikuluwu a chitsulo chosachita dzimbiri, a mamilimita 5 kwa 60. Nyanja yathu ilibe mchere, choncho a nambala 304 ndi okwanira, simukufunika odula a 316 omwe amagwiritsidwa ntchito kunyanja za mchere. Awiri pa thabwa lililonse pomwe ladutsa mtanda, aliyense mamilimita 15 mpaka 20 kuchokera m'mphepete. Bowo lililonse liyambe laboledwa ndi dilu, ndi kukulitsa pakamwa pake kuti mutu wa sikuluwu ulowe molingana ndi thabwa. Akangokakamiza osaboola, sikuluwu imathyoka kapena thabwa limang'aluka, makamaka kunsonga. Mutuwo usamire kwambiri, chifukwa kadzenje kotsalako kamasunga madzi.

Kawerengedwe kake n'kotere. Thabwa la mamilimita 90 ndi mpata wa mamilimita 5 zimatenga 95, ndiye pa mamita 4 mukhala mizere 42 ya mamita 6. Amenewo ndi mamita 252, ndipo ndi zowonjezera zija gulani mamita 280. Masikuluwu apitirira 1,300, choncho gulani 1,500, pamodzi ndi mano a dilu angapo chifukwa balau amawabunthitsa msanga. Zonsezi achimwene anu azitumize limodzi ndi matabwa.

Mpata wa mamilimita 5 uja usachepe, makamaka mukamayala m'miyezi youma kwambiri ya Seputembala ndi Okutobala, pomwe thabwa lafota mpaka pomaliza. Mvula ikadzabwera lidzafufuma, ndipo likasowa kopita matabwa amakankhana n'kutukuka. Nsonga za matabwa zikumanirane pamwamba pa mtanda, ndipo zolumikizazo zisandondozane pa mtanda umodzi m'mizere yoyandikana. Nsonga iliyonse ikangodulidwa imatidwe ndi sera kapena mankhwala omatira nsonga, poti ming'alu imayambira kumeneko. Ngati matabwawo ali ndi timizere mbali imodzi, mbali imeneyo iyang'ane pansi. Anthu amaganiza kuti timizereto timaletsa kuterera, koma tikayang'ana kumwamba timadzaza mchenga ndi ndere, ndipo m'pamene pamaterera zedi.

Vanishi ayi. Vanishi amapanga khungu pamwamba pa thabwa, ndipo dzuwa la ku Mangochi limalisweratu chaka chisanathe. Madzi amalowera m'ming'alumo n'kutsekeredwa kunsi kwa khungulo, kenaka limayamba kusupuka, ndipo kukonza kwake n'kupala khonde lonse. Chofunika ndi mafuta a matabwa a panja, olowa m'kati, okhala ndi kamtundu pang'ono chifukwa kamtunduko ndiko kamatchinga dzuwa. Pakani mbali zonse zinayi kamodzi musanayale, kenaka pamwamba kawiri mukamaliza. Malita 10 akwanira ntchito yoyambayi pa khonde lanu, koma werenganinso pa chitini. Pakani mopyapyala m'mawa kapena madzulo thabwa lili lozizira, ndipo pakatha mphindi 20 pukutani otsala ndi nsanza. Mitengo yolimbayi imamwa pang'ono, ndipo mafuta otsalira pamwamba amanata n'kugwira fumbi. Nsanza zonyowa mafutazi zisaunjikidwe pamodzi chifukwa zimatha kuyaka zokha; ziyanikeni motambasula panja kapena ziviikeni m'ndowa ya madzi. Oyilo wakuda wa galimoto, yemwe ambiri amapaka pa mitengo poopa chiswe, asafike pa khonde lanu. Amadetsa zovala ndi mapazi, ndipo mvula imamukokolera kunyanja komwe anthu amamwa ndi kuwedza.

Mukasiya kupaka mafuta, balau ndi mlombwa zimasanduka zotuwa. Kutuwako si kuwola, ndipo ena amakukonda. Koma pa dzuwa la kwanuko mafuta amachepetsa timing'alu ta pamwamba, ndiye ndingakulangizeni kupaka kawiri pachaka m'zaka ziwiri zoyambirira: mu Meyi mvula itatha ndi mu Okutobala mvula isanayambe. Pambuyo pake kamodzi pachaka kamakwanira. Poyesa, donthezani madzi pa thabwa. Akalowa msanga n'kusiya banga lakuda, nthawi yopaka yakwana. Musanapake tsukani ndi madzi a sopo ndi bulashi yolimba motsata litali la thabwa, mudikire masiku awiri liume. Bulashi ya waya ndi sitiliwulu zimasiya tizitsulo tomwe timadzadetsa thabwa.

Chisamaliro cha tsiku ndi tsiku n'chosavuta. Sesani mchenga kawirikawiri, makamaka nyengo ya mwera, chifukwa mchenga pansi pa mapazi umapala mafuta aja. Tokosani m'mipata kuti masamba ndi zinyalala zisatseke. Miphika ya maluwa ikhale pa timiyendo, mikeka ndi mphasa zisagonere pa khonde m'dzinja, ndipo mbaula iikidwe pa lata lokhala pa njerwa. Ngati pali mtengo wa mango pafupi, zipatso zogwa zitoledwe tsiku lomwelo. Kamodzi pamwezi m'nyengo ya mvula wina asuzumire kunsi ndi tochi, ayang'ane chipilala chilichonse. Akaona njira ya dothi ya chiswe aigumule, aitsatire komwe yachokera. Kamodzi pachaka bayani mitanda ndi sikuludilaiva, makamaka kunsonga ndi pomwe yagona pa zipilala. Ikalowa mosavuta, mtandawo wayamba kuwola ndipo usinthidwe msanga usanapatsire ina. Apa m'pomwe masikuluwu amaonetsanso ubwino wake, poti mumamasula matabwa ochepa okha n'kuwabwezeretsa osawonongeka.

Miyeso ndakupatsaniyi ndi ya khonde lotsika, lopanda denga, lonyamula anthu ndi mipando. Ngati malo anu ndi otsetsereka moti mbali ina ikwera kupitirira mita imodzi, ngati mukufuna kudzaikapo denga kapena thanki ya madzi, kapena ngati zipilala zina zidzaima pomwe madzi a nyanja amafika, pezani injiniya wa zomangamanga akujambulireni pulani. Thanki ya malita 1,000 yokha imalemera tani imodzi ikadzaza. Khonde lokwera kupitirira masentimita 60 likhale ndi chotchinga m'mphepete chotalika mita imodzi, mipata yake yosapitirira masentimita 10 kuti mutu wa mwana usalowe, ndipo nsanamira zake zimangidwe ndi mabawuti ku mitanda. Mukapeza chulu pafupi kapena chiswe chili kale m'mafelemu a nyumba, itanani odziwa kuthira mankhwala a chiswe ntchito isanayambe, ndipo muwauze kuti nyanja kapena chitsime zili pafupi kuti asankhe mankhwala ndi kathiridwe koyenera. Pitaninso ku khonsolo mukafunse ngati pulani ikufunika chilolezo, poti kumanga kufupi ndi madzi kuli ndi malamulo ake.

Akalipentala anuwo musawataye. Akhale nanu pansi muwerenge limodzi miyesoyi, ndipo muwafunse ngati ali ndi dilu yamphamvu komanso ngati anayalapo matabwa ndi masikuluwu. Ngati sanayalepo, ayambe ayeserera pa zidutswa ziwiri kapena zitatu mpaka mitu ya masikuluwu izikhala molingana ndi thabwa. Ntchito ya zipilala iyambe mu Juni kapena Julayi, matabwa ali pa mthunzi akuuma, kuti pofika Okutobala khonde likhale litayalidwa ndi kupakidwa mafuta mvula yoyamba isanagwe.